Mkamwini Amene Ankadandaulira Thanthwe

Mwambi umene akulu amakunong'onezani mukamanyamuka kupita kwa eni unayamba motere, ana inu. Mvetserani bwino, pakuti mwini nkhaniyi sanaseke ngakhale pang'ono.

Kunali munthu wina dzina lake Sandikonda, wa mfunda wa Mbewe. Kwawo kunali kuchigwa, dziko lathyathyathya ngati mphasa, kumene munthu ukafuula mawu amangopita osabwerera. Atakula anakwatira kumapiri, kwa mkazi wotchedwa Ndaziona, ndipo monga mwa mwambo anakakhala komweko pachikamwini. Anamanga kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, aNangondo. Posakhalitsa kunabadwa mwana wamkazi, namutcha Mwatitha.

Sandikonda sanali waulesi, sanalinso wakuba. Vuto lake linali lakuti chilichonse chinkamupsetsa mtima, koma kunena pamaso pa munthu ankaopa. Pachikamwini mpovuta kale. Apongozi suyang'anizana nawo, mukakumana panjira umapatukira kutchire, ndipo mawu amadzera mwa mkazi wako kapena kuseri kwa mpanda. Tsono aNangondo akanena ali kuseri kwa mpanda kuti, "Auzeni aMbewe kuti denga la nkhokwe likudontha," Sandikonda ankawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Likudontha, zikomo." Akati, "Mawa akalime kumunsi kwa mtsinje," iye ankati, "Kumunsi, zikomo." Pakamwa panali paulemu chotero, koma m'mimba munkawira ngati mowa wamasese.

Chimene ankachifuna ndi mtima wonse chinali chitengwa, ndiko kuti eni mbumba amulole kutenga mkazi ndi mwana kupita nawo kwawo. Wolola kapena kukana anali a Kanyumbu, atsibweni ake a Ndaziona. Ndaziona nayenso ankafuna kupita, chifukwa kuchigwa nthaka inali yofewa ndipo madzi anali pafupi.

"Pirirani, bambo a Mwatitha," ankatero mkaziyo. "Atsibweni ndi amayi ndikuwafewetsa ine, pang'onopang'ono. Inu yanu ndi kulima ndi kutseka pakamwa."

"Pakamwa panga ndinatsegula liti?" ankayankha Sandikonda mokwiya. "Pamudzi pano ngakhale tambala ali ndi mawu kuposa ine."

Chaka china anamupatsa munda wakewake kuseri kwa phiri. Njira yopita kumeneko inali yaitali. Inkazungulira phiri lonse, kuwoloka mtsinje, kenako kukwera chitunda, moti munthu ankafika thukuta lili kamukamu. Kumapeto kwa mundawo kunali mwala waukulu wosalala pamwamba, ndipo moyang'anizana nawo kunali thanthwe lalitali loima njo ngati khoma.

Tsiku loyamba, khasu linagunda chitsa. Anasuntha pang'ono, linagundanso china. Mpini unali waufupi, msana unayamba kuwawa dzuwa lisanakwere n'komwe. Sandikonda anataya khasu, nakwera pamwala paja kuti apume. Anayang'ana uku ndi uku, naona kuti ali yekha. Pamenepo zimene zinkawira m'mimba zija zinatulukira kukamwa.

"Munda wanji uwu wa zitsa zokhazokha?"

Kuthanthwe kuja kunabwera mawu akuti, "Zokhazokha."

Sandikonda anagwa chagada. Kwawo kuchigwa chinthu chotere anali asanachionepo. Anadzuka, nafunsa kuti, "Ndani?" Mawu aja anafunsanso chimodzimodzi. Anakhala chete, nawonso anakhala chete. Atalimba mtima anayesa kachiwiri.

"Andipatsa khasu la mpini waufupi."

"Waufupi," linatero thanthwe.

"Ine pamudzi pano akundizunza."

"Akundizunza."

Misozi inalengeza m'maso mwa Sandikonda. Chikwatirire, kanali koyamba kuti wina avomereze zonena zake popanda kumuuza kuti apirire.

Koma pali chimene iye sanachidziwe. Eni mudzi thanthwe limenelo ankalitcha Chibwereza, ndipo dzinali linalowerera m'zonena zawo za tsiku ndi tsiku. Mwana wotsanzira akulu ankati ndi kachibwereza. Nkhani imene wina waimva kwa wina, nayenso kwa wina, ankati nja chibwereza, siigwiridwa. Munthu wongovomereza zilizonse ankamutchulanso choncho, ndipo kumbali Sandikonda yemweyo ankamuti aChibwereza chifukwa cha "kumunsi, zikomo" wake uja. Komatu thanthwelo linali ndi ntchito yeniyeni. Munthu akaima pamwala wosalala paja n'kukweza mawu, mawuwo ankagunda thanthwe, ena n'kubwerera kwa mwini, ena n'kutsetsereka ndi khwawa mpaka kukagwera pakati pa mudzi, pansi pa mkuyu pamene amayi ankasinjira. Mudzi unali kuseri kwa chitunda pomwepo. Njira inkazungulira kutali chifukwa khwawalo linali lophedama, losatsikika. Nguluwe zikalowa m'minda, moto ukabuka, kapena mayi woyembekezera akadwala ali kumunda, anthu ankathamangira pamwalapo kukaitana thandizo. Sandikonda anamvapo kuitana koteroko ali kumudzi, koma ankangoti anthu a kumapiri ali ndi mmero waukulu. Kufunsa sanafunse, chifukwa kwa iye kufunsa kunali kudzichepetsa.

Tsono tsiku limenelo minsi inaima m'malere pansi pa mkuyu. Amayi anayang'anizana. Ndaziona anafuna kuti nthaka ing'ambike alowemo.

ANangondo anafunsa mwana wawo motsitsa mawu. "Kodi mpini uja ndi waufupidi?"

"Ndi waufupi, amayi. Paja linali khasu la malemu bambo, ndipo iwo anali aafupi."

"Nanga bwanji sananene?"

"Amaopa."

"Hm. Pita kwa atsibweni ako akaseme mpini wina." Ndipo anatembenukira amayi ena aja. "Inu nonse, wina asamuuze kuti tamva. Mwana wa eni ake angachite manyazi."

Mwaona mtima wa gogo ameneyu? Ena akanatola munsi n'kukamudikirira panjira.

M'mawa mwake Sandikonda anapeza khasu pakhomo, lili ndi mpini watsopano, wautali bwino, wosalala. Analitembenuza uku ndi uku, naganiza mozama monga amaganizira anthu opusa. Ndadandaula kwa ndani? Kwa thanthwe. Ndani wamva? Thanthwe. Ndiye wakonza ndani?

Anathamanga kumunda osatsuka n'komwe m'kamwa. Atakwera pamwala anati, "Nkhwani za pamudzi pano n'zamadzi okhaokha. Nsinjiro amabisira ndani?" Madzulo ake nkhwani zinabwera zotendera, zoti supuni kuima. Patapita masiku anati, "Akapha nkhuku, ine khosi ndi zipalapasiro. Kodi ndinabadwa wopanda mano?" Nkhuku yotsatira itaphedwa, m'mbale mwake munali ntchafu.

Apa ndiye Sandikonda anatsimikiza. Tsiku lina anasenza chipanda cha thobwa limene aNangondo anamukonzera kuti akamwere kumunda. M'malo momwa, analithira pamwala ponse.

"Imwa, m'bale wanga," anatero mokweza. "Mpini wandipatsa ndiwe, ntchafu wandipatsa ndiwe. Pamudzi ponse paja palibe wamtima ngati iwe."

"Ngati iwe," linatero thanthwe, ndipo Sandikonda anagwedeza mutu, poona kuti mnzakeyo ndi wodziwanso kubweza ulemu.

Pansi pa mkuyu aNangondo anaika lichero pansi. "Nkhuku ndi yanga," anatero, "nsinjiro ndi zanga, thobwa ndi langa. Zikomo walandira mwala."

Ndaziona sanathenso kusunga lamulo la amayi ake. Mwamuna wake atabwera kumunda, anamukokera kuseri kwa nyumba, mwana ali kumsana.

"AMbewe, pamwala paja musamayankhulepo."

Sandikonda anatuzula maso. "Wakuuza ndani kuti ndimayankhulapo?"

"Palibe wandiuza. Ndimamva ndekha. Tonse timamva, pamtondo pomwe paja."

"Pamtondo? Kuchokera kumunda kuja? Mkazi iwe, ine ndimayenda mpaka miyendo kuphwanyika kuti ndikafike kumeneko, ndiye mawu okha ali ndi njinga?"

"Njira ndi imene imazungulira. Mudzi uli kuseri kwa chitunda. Ine ndinabadwira pano, ndikudziwa."

"Ndadziwa," anatero Sandikonda akuloza chala m'mwamba. "Pali amene amandizonda. Amabisala m'tchire n'kumabwera kudzaulula, ndiye akutuma iwe kuti undiopseze. Munda munandipatsa wa zitsa, ndinapirira. Nyumba munandimangitsa pafupi ndi khola la mbuzi, ndinapirira. Lero ndapeza mnzanga mmodzi, mwala weniweni, nawonso mukundimana?"

"Palibe akukumanani mwala. Ndikuti amayi amamva zonse."

"Tsono tandiyankha. Akanakhala kuti amamva, akanandithamangitsa kapena akanandipatsa ntchafu?"

Ndaziona asanayankhe n'komwe, iye anapitiriza.

"Waona? Ulibe yankho. Munthu sungamunene kuti nkhwani zake n'zamadzi iye n'kukuthokoza ndi ntchafu. Ndiye kuti samva."

"Inu bambo inu," anatero Ndaziona akumangitsa mbereko, "tsiku limene nzeru zinkagawidwa munali kuti?"

M'mawa mwake Sandikonda anayamba wafufuza tchire lonse lozungulira munda, akumenya zitsamba ndi ndodo. Sanapeze munthu. Anakwera pamwala mtima uli m'malo, ndipo popeza za mpini ndi ndiwo zinali zitatha, anayamba za anthu. Ananena kuti aNangondo akamayenda amakhala ngati bakha wothawa mvula. Ananena kuti a Kanyumbu dazi lawo likhoza kuyanikidwapo chimera. Ananena kuti mbumba yonse ya pamudzipo ndi yakuti munthu akabisa mchere amayenera kubisanso malo amene wabisapo. Pa chilichonse thanthwe linkavomereza, ndipo iye ankatsika pamwalapo wopepukidwa, n'kukalima ngati ng'ombe. Madzulo akakumana ndi apongozi panjira ankapatukira kutchire, kunjuta, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse.

Za dazi zitamveka, a Kanyumbu anayamba kubwera okha pansi pa mkuyu ndi kampando kawo, kudzamvera. Ndaziona anawagwadira.

"Atsibweni, mukhululukireni. Ndi wopusa chabe, si woipa."

A Kanyumbu anasisita dazi lawo nthawi yaitali. "Kulima amalima," anatero. "Nkhokwe ya amako chikhalire sinadzazepo chonchi. Iwe samakumenya, mwana amamunyamula. Koma makutu athu atopa, mwana wanga. Mwina akapita kwawo, kumene kulibe mapiri, tidzapuma. Kamuuze akatenge atsibweni ake adzapemphe chitengwa mwamwambo. Ndilola."

"Amayi nawo alola?"

ANangondo anayankha okha osacheuka. "Bakha walola."

Onani tsono, ana inu. Chinthu chimene munthu anachilirira zaka, anachipeza osachiyenera n'komwe. Chinangotsala n'chakuti ayende, akatenge atsibweni ake, abwere. Ndaziona anamukazingira chimanga cha pa ulendo, namuperekeza mpaka pamphambano.

"Mudzere njira ya kumunsi," anatero. "Kumunda musapiteko. Lero pamudzi pali alendo, amayi a midzi yonse yozungulira abwera kudzathandiza kusinja za ukwati wa mng'ono wanga. Ndakupemphani, bambo a Mwatitha. Lero lokha."

"Kumunsi, zikomo," anatero Sandikonda.

Mkazi atangobwerera, iye anaima n'kuyamba kudzifunsa. Chitengwa chimenechi wandipezera ndani? Kodi munthu ungachoke osatsanzika mnzako amene wakuchitira zonsezi? Kumeneko kukanakhala kusaleredwa. Anatembenuka, nalowera njira ya kumunda.

Atafika pamwala mtima unali utadzaza, chimwemwe ndi mkwiyo wa zaka zonse zitasakanikirana, moti kuyankhula kokha sikunakwane. Anayamba kuyimba, akuponda mwala ndi chidendene, thanthwe likumuvomera.

Kwa aNangondo ndatopa nako,
ndatopa nako.
Khasu ndi langa, nkhokwe ndi yawo,
ndi yawo.
Thobwa lowawa, nkhope yowawa,
yowawa.
Ndikatenga wanga sindicheuka,
sindicheuka.

Anaibwereza kambirimbiri, chifukwa inkamukomera. Ndipo kunena zoona nyimboyo inali yokoma. Tsoka lake linagona pamenepo. Pansi pa mkuyu panali mitondo yambiri tsiku limenelo, ndipo minsi inkagwa ndendende pamene chidendene chake chinkagwa. Alendo aja anayamba ndi kumwetulira, kenako wina anang'ung'udza, kenako awiri osinja mtondo umodzi anagawana, wina kutsogolera ngati mkamwini, wina kuvomera ngati thanthwe.

"Amene akuyimbayo ndani?" anafunsa mayi wina wa kutsidya.

ANangondo anaimirira, nakutumula nsalu yawo, nalowa m'nyumba. Chipongwe cha m'banja munthu amameza. Koma pamaso pa alendo, tsiku lokonzekera ukwati wa mwana wako, chimenecho sichimezeka.

Sandikonda anatsanzika thanthwe lake nauyamba ulendo. Kuchigwa kunali kwa masiku angapo wapansi, koma iye sanafulumire. Anapatukira kwa msuweni wake kumene kunali mowa wa dima, nakhala mpaka mbiya zitauma. Pochoka kumeneko anaponda minga, phazi linatupa, nakhalanso. Nthawi yonseyo ukwati unali utatha, ndipo amayi aja anali atabalalika aliyense kumudzi kwawo.

Atachira n'kupitiriza ulendo, anafika pa dooko la mtsinje wina napeza amayi akuchapa. Ankayimba akumenyetsa nsalu pamiyala. Sandikonda anaima kuti amwe madzi, nayamba kugwedeza mutu, akuti kanyimbo aka n'kokoma. Atatchera khutu bwino, madzi anamutsamwa.

"Pepani amayi," anatero atatha kutsokomola, "nyimbo imeneyi mwaitenga kuti?"

"Yachokera kumapiri," anayankha mayi wina wonenepa akufinya nsalu. "Simunaimve? Akuti kumeneko kuli mkamwini wina amene amatukwana apongozi ake ataima pamwala woitanira anthu."

"Woitanira anthu?"

"Eya. Ukaimapo mudzi wonse umamva. Ngakhale mbuzi za kumeneko zimadziwa, koma iye ayi."

Sandikonda anakumbukira mawu a Ndaziona aja. Komabe mkwiyo unafika msanga kuposa manyazi. "Mwina munthuyo anali ndi zifukwa zake," anatero. "Inu simudziwa mmene ankamusungira."

"Mmene ankamusungira? Akuti gogoyo anamuphera nkhuku n'kumupatsa ntchafu, iye n'kukathokoza mwala."

Amayi onse anaseka mpaka wina anataya sopo m'madzi.

"Koma inu bambo mwakwiya bwanji?" anafunsa wonenepa uja akumuyang'anitsitsa. "Ndi m'bale wanu?"

"Ine ndine wapaulendo chabe."

Anawoloka osatsanzika n'komwe. Njira yonse ankayankhula yekha. Mwala wamiseche. Mwala wosasunga chinsinsi. Ndinaupatsa thobwa langa, n'kundigulitsa chonchi? Ndipo amayi awa, nyimbo ya mwini amangotola osapempha? Aliyense anamupezera mlandu, kupatula munthu mmodzi amene anali atavala malaya ake.

Pamudzi wotsatira nyimboyo anaimva pamtondo. Pamudzi wina anaimva kwa anthu ofolera nyumba. Pofika malire a kwawo anali atasiya njira yaikulu, akudzera m'mizere ya minda. Chimene chinkamulimbitsa mtima chinali chimodzi. A Kanyumbu analola kale, ndipo mawu a munthu wamkulu sabwerera. Ndikangofika kwathu, ankatero, nditenge atsibweni, tikatenge mkazi ndi mwana, za kumapiri zithere komweko.

Anafika dzuwa lili paliwombo. Chimene anayamba kuona chinali amuna awiri atagona pamthunzi wa mango, makasu ali potero. Anali akamwini a pamudzipo, amuna a alongo ake. Nthawi imeneyo ya chaka munthu sagona masana. Atamuona anadzuka, namuwombera m'manja ngati mfumu.

"Afika eni nyimbo," anatero wina. "Alamu, mwatitsegula maso."

Asanayankhe, amayi ake anatulukira kuseri kwa nkhokwe atagwira tsache.

"Ndiwe uyu?"

"Ndine, amayi. Mwaswera bwa..."

"Usandisweretse. Ukuwaona awo? Anthu amenewa ankalima osadandaula, mvula kaya dzuwa. Chifikire nyimbo yako, ndikati nkhokwe ikudontha, akuti khasu ndi langa, nkhokwe ndi yawo. Uyu akufuna mpini watsopano. Uyo akuti nayenso ali ndi mano, akufuna ntchafu. Dzulo ndawapatsa thobwa, wina walinunkhiza kaye. Thobwa langa ine, kulinunkhiza. Kodi unkayesa kuti apongozi ali kumapiri kokha? Ine ndine chiyani?"

"Amayi, ine ndinkanena za aNangondo."

"Nyimbo ikafika pamudzi imafunsa dzina?"

Pamenepo anatulukira atsibweni ake, a Mlongoti, mwini mbumba wa pamudzipo, munthu wosakonda kukweza mawu. Anakhala pa chitsa, nalozera Sandikonda pansi kuti akhale.

"Nena chimene wadzera, mphwanga, ngakhale tikuchidziwa."

"Atsibweni, ndadzakutengani. Tikapemphe chitengwa."

"Chitengwa." A Mlongoti anatulutsa kabotolo ka fodya, nanunkhiza pang'ono. "Awiri agona apowo nawonso apempha chitengwa, onse tsiku limodzi. Ndawakaniza. Tsono ine ndinyamuke, ndikapemphere iwe chimene ndakaniza iwo? Alongo ako apite, ana awo apite, mudzi uno nditsale ine ndi agalu?"

"Koma kumeneko n'kongokwaniritsa mwambo. A Kanyumbu analola kale."

"Analola, inde. Nyimbo yako waimva mpaka kumapeto?"

"Ndinaipeka ndine. Ndingalephere kudziwa pothera pake?"

"Pamene unathera iwe si pamene inathera." A Mlongoti anaitana mlongo wake wa Sandikonda amene anali kupeta chapafupi. "Tamuyimbire mchimwene wako ndime ija inabwera pambuyo."

Mlongoyo sanafune, koma atsibweni akanena sukana. Anayimba maso ali pansi, ndipo akamwini awiri aja, posadziwa kuti aleke kapena apitirize, anavomera motsitsa.

Anatero Sandikonda pamwala,
pamwala.
Tayankha ife eni pamtondo,
pamtondo.
Khasu ndi lako, njira ndi yako,
ndi yako.
Mwana ndi wathu, make ndi wathu,
ndi wathu.

Sandikonda anadzutsa mutu.

"Ameneyo ndi aNangondo," anatero. "Ndinadziwa kuti gogo ameneyu sandifuna. Koma Ndaziona sangalole. Ndaziona akufuna kubwera kuno."

"Amene anabweretsa nyimboyi kuno anali pa ukwatiwo," anatero a Mlongoti. "Akuti aNangondo sanatsegule pakamwa, anangolowa m'nyumba n'kumalira. Amene anatola munsi n'kuyambitsa ndime imeneyi ndi mkazi wako."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Sandikonda anafunafuna munthu woti amukwiyire ndipo sanamupeze. Anakhala pansi paja mpaka mthunzi unasuntha n'kumusiya padzuwa. Ankaganiza za Mwatitha, amene anali atangoyamba kuima ndi kugwira mwendo wa bambo ake.

"Tsono nditani, atsibweni?" anafunsa pomaliza, ndi mawu aang'ono.

"Za chitengwa iwala. Chimenecho unachiyimba chinatha. Chatsala n'chakuti akulole kubwerera pa kanyumba kako kapafupi ndi khola kaja, ngati ukufuna kuona mwana wako akukula. Ukagwade, ukapepese pamaso pa anthu, ndi pakamwa pako pomwepo, kwa munthu osati kwa mwala. Ine ndikupatsa mbuzi. Kukuperekeza sindikuperekeza, ndili ndi moto wanga wozimitsa pano."

M'mawa mwake Sandikonda anagwira chingwe cha mbuzi nayang'ana njira ya kumapiri, njira yodutsa pa dooko lija ndi midzi yonse ija. Anapitadi, ana inu, ndipo anamulandira, ngakhale Ndaziona anatha mwezi akumupatsira chakudya pakhomo ngati mlendo. Anakhala pachikamwini mpaka imvi, ndipo Mwatitha anakula, nakwatiwa, osaliona dziko la bambo ake.

Koma tsiku lonyamukalo a Mlongoti anamuperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi, kumene anaima n'kuloza fumbi la m'njira ndi ndodo yawo.

"Tayang'ana apa, mphwanga. Wayenda mtunda wonsewu, wadutsa m'midzi ya eni, waponda m'minda yawo. Mapazi ako ali kuti? Mphepo yafafaniza, ndipo palibe amene wabwera kudzadandaula. Koma chimene unasiya pamwala chija chinakupitirira panjira, chinafika kuno iwe usanafike, ndipo chakhala kale pamphasa pako."

Mbuzi inakoka chingwe. Sandikonda anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anaganiza kaye, natseka.

Kuyambira tsiku limenelo, mwana wa pamudzipo akamanyamuka kupita kwa eni, kaya ku ukwati, kaya ku ntchito, kaya kukangocheza, akulu ankamugwira dzanja pamphambano n'kumuuza kuti: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.